Tinkawerenga 9, Lero Akuti ndi 8

Anthu a msinkhu wanga, amene tinayambira kulemba pamchenga tisanapatsidwe sileti, tinakula tikudziwa kuti mapulaneti alipo 9. Mayina ake tinkawatchula mokweza kalasi yonse pamodzi: Mercury, Venus, Dziko, Mars, Jupiter, Saturn, Uranus, Neptune, n'kukathera pa Pluto. Wodumpha dzina limodzi ankatambasula dzanja. Koma funso lakuti kodi chinthu chakumwamba chizikhala chotani kuti chiyenere kutchedwa pulaneti, palibe anatifunsa, ndipo nafenso sitinaganize zofunsa. Musatiseke nazo. Ngakhale akatswiri a zakuthambo eni akewo analibe yankho lolembedwa limene onse anagwirizana, mpaka chaka cha 2006.

Muyeso woyamba ndinaumva kwa agogo anga aakazi, amene sanapondepo pakhomo la sukulu. M'chilimwe, tikatha kudya, tinkakhala pamphasa pabwalo tikutong'ola chimanga, iwo n'kumatisonyeza zakumwamba. Uko Nsangwe, kagulu kothithikana kaja, kamene kakayamba kutuluka kum'mawa dzuwa litangolowa ndiye kuti mbewu zikhale pafupi, mvula yayandikira. Uko Akamwiniatsatana, atatu ondondozana mzere umodzi aja. Agogo ankati zimenezi n'zokhulupirika: mmene waziona uli mwana ndi mmenenso udzazionere uli ndi imvi, palibe imene imasiya inzake. Koma panali zina zowerengeka zosakhazikika. Mwezi uno waiona pafupi ndi gulu ili, ikamafika nthawi yokolola yasamukira kwina.

Yotchuka pa zonsezo inali Nthanda. Akuluakulu a kwathu ankati mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wake wa kumadzulo, Puikani, ndi wodziwa kusamala mwamuna, n'chifukwa chake mwezi ukaoneka kumeneko uli woonda umayamba kunenepa tsiku ndi tsiku. Wa kum'mawa, Chekechani, ndi womana. Mwamuna akafika kwa iye amangotha thupi mpaka kuzimiririka. Nditakula ndinadzaphunzira kuti akazi awiriwa ndi chinthu chimodzi, Venus, imene imakhala miyezi ingapo ikuwala kumadzulo, kenako n'kusowa, n'kudzatulukira kum'mawa, ndipo imabwerera poyambira pakatha masiku 584. Nthanoyo sindiinyoza ayi. Amene anaipeka anali atayang'anitsitsa ndithu, chifukwa n'zoona kuti mwezi wongobadwa umapezeka kumadzulo, wokalamba n'kukathera kum'mawa. Agogo anatipatsanso chizindikiro china: nyenyezi imaphethira, koma zoyendazi zimangokuyang'ana tong'o.

Kusuntha kumeneku ndiko kunali muyeso wa anthu kwa zaka zikwi. A ku Girisi wakale ankawerenga zoyenda 7: Mercury, Venus, Mars, Jupiter, Saturn, kuwonjezapo dzuwa ndi mwezi, pakuti nazonso zimasuntha pakati pa nyenyezi. Dziko lathuli sankaliwerengera. Ndani angaganize kuti pamene waimapo pakuyenda? Buku la Nicolaus Copernicus la 1543 ndilo linatembenuza zinthu. Dzuwa linakhala pakati, mwezi unatsala wa Dziko, Dzikolo n'kulowa pamzere, chiwerengero chinatsika kufika pa 6. Mu 1781 William Herschel, katswiri wa nyimbo wa ku Bath ku England amene ankadzipangira yekha matelesikopu, anapeza Uranus. Mukuona kuti nambala imene ife tinkakwapulidwira inali itasinthasintha kalekale.

Ndinayamba kugwira choko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Inali nthawi yokoma kuphunzitsa zakumwamba, chifukwa mu Julayi 1969 anthu anaponda pamwezi. Ife tinamvera pa wailesi ya a hedimasitala, titaizungulira pakhonde, ena akupukusa mitu kuti ndi bodza la azungu. Ana ankabwera ndi mafunso osatha. Zithunzi tinalibe, motero tinkaumba. Ndinkatuma ana kudambo kukatapa dongo, n'kuumba timipira, kutiyanika pawindo, kenako kutipachika ndi luzi ku phaso la denga. Dzuwa linali chipanda chachikulu. Jupiter inkadya dongo lodzaza manja awiri. Saturn tinkaiveka kamkombero ka nsungwi, Mars tinkaipaka katondo kuti ifiire. Pluto inali kanjere chabe, kolendewera pakona pafupi ndi chitseko, ndipo mphepo ikawomba ndi iyo inkayamba kugwa, ana n'kuipondaponda potuluka.

Tsiku lina mtsikana wa Sitandade 7, wosayankhulayankhula, anakweza mkono.

"Aphunzitsi, zinayi zoyambazo n'zazing'ono, zinayi zotsatira n'zazikulu. Nanga kakumapetoko kanasochera bwanji kumeneko?"

Buku la mphunzitsi linali chete pa zimenezo. Koma mwanayo anali atagwira pomwe pankazunguza mitu ya akatswiri. Mapulaneti anayi apafupi ndi dzuwa ndi a miyala. Anayi akutaliwo ndi zimphona, zopanda nthaka yoti munthu n'kupondapo. Njira za onse 8 zagona pafupifupi mulingo umodzi. Pluto yokha njira yake yapendekeka ndi madigiri 17, komanso ndi yotalikira mbali imodzi, moti kuyambira 1979 mpaka 1999 inali pafupi ndi dzuwa kuposa Neptune. Zaka 20 zonsezo mabuku ankangoti yakutali kwambiri ndi Pluto. Kuti izungulire dzuwa kamodzi imatha zaka 248.

Mmene inapezekera ndi nkhani imene ndimaikonda mpaka lero, ndipo ndinkaisimbira ana aulesi. Clyde Tombaugh anali mwana wa mlimi wa ku Kansas, wopanda digiri. Matalala anawononga mbewu za kwawo, ndalama zopitira kukoleji n'kusowa. Mu 1929 analembedwa ntchito ku Lowell Observatory, ku Flagstaff m'chigawo cha Arizona, kuti asake pulaneti imene Percival Lowell anamwalira akukhulupirira kuti ilipo kuseri kwa Neptune. Usiku ankajambula kachigawo ka thambo pagalasi, pakapita masiku angapo n'kujambulanso pomwepo. Masana ankaika magalasi awiriwo m'makina amene ankamuonetsa ili, ilo, ili, ilo, mofulumira. Galasi limodzi linkakhala ndi timadontho zikwizikwi. Nyenyezi zimaima pomwepo pa magalasi onse awiri, koma chimene chikuyenda chimaoneka chikudumpha. Miyezi ndi miyezi maso ali pamakina. Pa 18 Febuluwale 1930, akuyerekeza magalasi a pa 23 ndi pa 29 Januwale, kadontho kena kanadumpha. Anali ndi zaka 24. Funso lake linali lomwe lija la pamphasa: chasuntha kodi? Dzina lakuti Pluto linachokera kwa mtsikana wa zaka 11 wa ku Oxford, Venetia Burney.

Poyamba ankaganiza kuti ndi yolemera pafupifupi ngati Dziko. Zida zikamka ziwongokera, Pluto inkangochepa. Mu 1978 James Christy anapeza mwezi wake waukulu, Charon, ndipo poona mmene ziwirizi zimazungulirana akatswiri anatha kuyeza kulemera kwake. Pangafunike ma Pluto oposa 450 kuti afanane ndi Dziko. M'mimba mwake ndi makilomita 2,377, pamene mwezi wathuwu ndi makilomita 3,475. Akanadziwa zimenezi mu 1930, ndikukayika ngati akanailemba pamzere wa mapulaneti.

M'kabati ya kumishoni munali buku lina lakale, lodyedwa ndi chiswe m'mbali, limene linandiuza kuti kuchotsa pulaneti pamzere si chinthu chachilendo. Pa 1 Januwale 1801 wansembe wa ku Palermo, Giuseppe Piazzi, anapeza Ceres pakati pa Mars ndi Jupiter, ndipo anthu anailandira ngati pulaneti. Mu 1802 kunapezeka Pallas, mu 1804 Juno, mu 1807 Vesta, zonse m'dera lomwelo. Kwa zaka pafupifupi 40 mabuku ankati mapulaneti alipo 11. Mu 1845 kunatulukira Astraea, chaka chotsatira Neptune, kenako tinthu tating'ono tija tinayamba kupezeka motsatizana chaka ndi chaka. M'zaka za m'ma 1850 akatswiri anaona kuti mzerewo sutha, nayamba kutilemba patokha m'gulu la ma asteroid. Panalibe voti, panalibe wolira. Chinthu chikakhala chokha m'dera lake ankachitcha pulaneti. Atapeza kuti chili m'khamu, anasintha maganizo.

Khamu la Pluto linachedwa kuoneka chifukwa lili kutali ndipo ndi lozimirira. Mu 1992 David Jewitt ndi Jane Luu, ali pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii, anapeza kanthu kena kuseri kwa Neptune. Pasanathe zaka 10 tinthu totere tinali titapezeka mazanamazana, m'dera limene lero limatchedwa lamba wa Kuiper. Mu 2000 a Hayden Planetarium ku New York, motsogoleredwa ndi Neil deGrasse Tyson, anakonza chionetsero chawo osaika Pluto pakati pa mapulaneti, ndipo ana asukulu a ku America anawalembera makalata aukali. Zinthu zinafika pa mwana wakana phala mu Januwale 2005. Mike Brown, Chad Trujillo ndi David Rabinowitz, akuunika zithunzi zimene anajambula ku Palomar mu Okutobala 2003, anapeza chinthu chachikulu pafupifupi ngati Pluto, ndipo pambuyo pake chinapezeka kuti n'cholemera kuiposa. Ndicho chimene lero timachitcha Eris. Apa panalibenso pothawira. Ngati Pluto ndi pulaneti, ndiye kuti Eris nayonso ndi pulaneti, ndipo za mawa ndi mkuja zidzafuna malo awo.

Uthenga unandipeza nditapuma kale ntchito, pa wailesi, madzulo a mu Ogasiti 2006. M'mawa mwake pa bawo nkhani inali yomweyo. Mkulu wina, mnzanga wa kalekale, anaimitsa dzanja lili ndi nkhomo m'mwamba.

"Aphunzitsi, akuti pulaneti ina aichotsa. Yagwera kuti?"

"Siinagwe, achimwene. Ili pomwe inali. Aichotsa m'kaundula."

"Ndiye ana amene munawalepheretsa mayeso aja muwabwezera malikisi awo?"

Tinaseka mpaka misozi. Koma funso la kaundulalo ndinalitsata, m'manyuzipepala ndi m'magazini amene ana anga ankanditumizira kuchokera kutauni, ndipo zimene zinachitika ku Prague n'zoyenera kuzifotokoza bwino.

Bungwe la akatswiri a zakuthambo a dziko lonse, International Astronomical Union, linasonkhana kumeneko. Komiti imene inatsogoleredwa ndi Owen Gingerich inabwera ndi ganizo lofewa: chilichonse chozungulira dzuwa chimene chili chobulungira chikhale pulaneti. Mwa njira imeneyo mapulaneti akanakhala 12, kuwonjezapo Ceres, Charon ndi Eris, khomo lili chitsegukire kwa ena ambiri. Msonkhano unakana. Akatswiri awiri a ku Uruguay, Julio Fernández ndi Gonzalo Tancredi, anatsogolera gulu limene linati kubulungira pakokha sikukwanira, pafunikanso kuona mphamvu imene chinthucho chili nayo m'dera lake. Anakangana sabata yathunthu. Pa 24 Ogasiti, tsiku lovota, Jocelyn Bell Burnell anaima kutsogolo ndi baluni, ambulera ndi kachidole ka galu wa m'makatuni wotchedwa Pluto, kufotokozera anthu ophunzira kwambiri chimene akuvotera. Monga mphunzitsi, pamenepo ndinamugwira chanza chapatali; dongo lathu lija silinali lochititsa manyazi. Anavota pokweza timakhadi tachikasu. Ambiri anali atanyamuka kale, ndipo otsala ovota anali 424.

Lamulo limene linadutsa lili ndi mfundo zitatu. Yoyamba n'njosavuta: chinthucho chizizungulira dzuwa. Mwezi wathu umagwera pamenepa, chifukwa umazungulira Dziko. Ganymede wa Jupiter ndi Titan wa Saturn ndi aakulu kuposa Mercury, koma nawonso amatsala miyezi.

Yachiwiri imati chikhale cholemera mokwanira kuti mphamvu yake yokoka ichibulungize. Iyi ndimaikonda chifukwa ili ndi chifukwa chogwirika. Chinthu chilichonse chimadzikokera chokha pakati pake. Chikakhala chaching'ono, kulimba kwa mwala kumaposa kukokako, motero chimakhala ndi ngodya, mabampu ndi maenje mmene chinaswekera. Chikakula, kukoka kumapambana. Chotumphuka chimaphwatalala, chokumbika chimadzaza, mpaka mbali zonse zitalingana. Madzi oundana amagonja msanga kuposa mwala. Mimas, mwezi wa Saturn wa madzi oundana, ndi wobulungira ngakhale m'mimba mwake muli makilomita pafupifupi 400 okha. Vesta ya miyala, ya makilomita oposa 500, siinabulungire bwino. Ceres, ya makilomita 940, ndi yobulungira. Pa mfundo ziwirizi Pluto inakhoza popanda vuto.

Inagwa pa yachitatu, imene imati pulaneti ikhale italambula dera lozungulira njira yake. Mawu amenewa ndi amene anasokoneza anthu, chifukwa amamveka ngati akuti m'njiramo musapezeke kalikonse. Zikanatero palibe ikanakhoza. Dziko lili ndi miyala zikwizikwi imene imadutsa m'njira yake. Jupiter ili ndi magulu awiri a ma asteroid, lina patsogolo lina pambuyo, oyenda m'njira yake yomweyo. Tanthauzo lake ndimalifotokoza chonchi. Munthu satchedwa mfumu chifukwa choti ndi wonenepa, ndiponso mudzi wa mfumu sukhala wopanda anthu. Chimene timafunsa n'chakuti m'mudzimo akumvera ndani. Pulaneti yeniyeni, pa zaka mamiliyoni, imameza zazing'ono za m'dera lake, zina imaziponyera kutali, zotsalazo imazimanga kuti ziziyendera iyo. Magulu awiri a Jupiter aja ali pamene ali chifukwa Jupiter yawasunga pamenepo. Pluto nayo, ngakhale njira yake imalowa mkati mwa ya Neptune, siingagundane nayo, chifukwa Neptune ikazungulira dzuwa katatu Pluto imazungulira kawiri, nthawi zonse, ndipo woimba ng'omayo ndi Neptune. Pluto siili yokha m'goli limeneli. Pali zinzake zambirimbiri zoyenda mwa ndondomeko yomweyo.

Chimene chinandikhutiritsa ndi masamu a Steven Soter, a chaka chomwecho cha 2006. Iye anayerekeza kulemera kwa chinthu chilichonse ndi kulemera kwa zonse zimene chimagawana nazo njira. Dziko limaposa zonse za m'dera lake kuwirikiza 1.7 miliyoni. Ngakhale yofooka pa mapulaneti 8 aja imaposa za m'dera lake kuwirikiza zikwi. Pluto siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a zoyenda nazo. Ceres imaima pafupi ndi gawo limodzi mwa atatu. Pakati pa magulu awiriwa pali phompho, ndipo palibe chinthu chodziwika chimene chaima m'phomphomo. Mzere umenewu sanaulembe anthu 424 aja. Anaupeza ulipo kale.

Zimene zakhoza mfundo ziwiri zoyamba n'kulephera yachitatu, ndipo si miyezi ya mapulaneti ena, anazipatsa gulu lawolawo la timapulaneti. Bungwelo lavomereza tisanu: Ceres, Pluto, Eris, Makemake ndi Haumea. Pluto inapatsidwanso nambala ya m'kaundula wa tinthu tating'ono, 134340. Ceres, imene inatsitsidwa mwakachetechete zaka 150 m'mbuyomo, inakwezedwako pang'ono, koma palibe anaiimbira nthungululu.

Otsutsa alipo, ndipo si anthu wamba. Wamkulu wawo ndi Alan Stern. Iye amati chinthu chiziyesedwa ndi mmene chilili, osati ndi pamene chakhala. Mfundo yake ili ndi mano: dera likatalikira dzuwa limakula, ulendo umachedwa, motero kulilambula kumavuta. Mutanyamula Dziko lomweli n'kukaliika kutali kwambiri kuseri kwa Pluto, lingalephere mfundo yachitatu ngakhale silinasinthe kalikonse. Iye ndi anzake amafuna kuti chilichonse chobulungira chimene si nyenyezi chikhale pulaneti. Tikatero mapulaneti angapose 100, ndipo mwezi wathu ungakhale m'gulumo. Amadandaulanso kuti nkhani ya sayansi inagamulidwa ndi manja a anthu ochepa tsiku lomaliza la zokambirana.

Pa za votiyo ndimagwirizana nawo pang'ono. Mawu a mfundo yachitatu analembedwa mothamanga, ndipo sananene kuti kulambula kokwanira ndi kotani. Koma pa zakuti malo asawerengedwe, ayi. Malo takhala tikuwawerengera kuyambira kale. Ganymede timaitcha mwezi chifukwa cha pamene ili basi, ndipo sindinamvepo munthu akulemba kalata yaukali chifukwa cha Ganymede. Mkwiyo wambiri wa mu 2006 unali wa anthu ngati ife, amene tinaloweza mayina 9 tili ana ndipo sitinafune kuti wina atilande limodzi. Ndipo tisabise, Pluto ndi yokhayo pa 9 ija imene inapezedwa ku America, kumene phokoso linali lalikulu. Dandaulo lakuti ana sangaloweze mayina 100 ndiye sindilivomereza ngakhale likuthandiza mbali yanga. Mitsinje ya m'dziko muno sitinaichepetsepo kuti ikwane m'mutu mwa mwana.

Stern anali ndi chifukwa china chopwetekedwera mtima. Chombo chake cha New Horizons chinanyamuka pa 19 Januwale 2006 kupita ku pulaneti yachisanu ndi chinayi, ndipo chisanathe chaka chili m'njira kumene chinkapitako kunasinthidwa dzina. Chinanyamulanso phulusa pang'ono la Tombaugh, amene anamwalira mu 1997. Chinafika pa 14 Julayi 2015. Mdzukulu wanga anabwera ndi foni yake n'kundiika m'manja.

"Agogo, kanjere kanu kaja aka."

Ndinavala magalasi. Sindinayembekeze zimene ndinaona. Chinali chinthu chobulungira bwino, chofiirira, chokhala ndi banga lalikulu loyera looneka ngati mtima wojambula. Mbali imodzi ya bangalo ndi chigwa chosalala cha mpweya wa nitrogen woundana, chopanda maenje a miyala yogwa kumwamba, kusonyeza kuti chikudzikonzabe mpaka lero. M'mphepete mwake muli mapiri a madzi oundana otalika mamita 3,500, kuposa Sapitwa wa pa Mulanje. Pluto ili ndi miyezi isanu ndi mpweya wopyapyala wokhala ndi nkhungu. Uthenga wochokera kumeneko unkatenga maola anayi ndi theka kuti ufike kuno. Ndinakhala nayo foniyo nthawi yaitali mpaka mwini wake anayamba kutekeseka. Anthu ambiri ataona zithunzizo anati basi, ibwezereni. Ine ndinaona kuti n'njokongola zedi, koma kukongola sikuli pa mfundo zitatu zija. Titan ili ndi nyanja ndi mitsinje ya methane, Europa ili ndi nyanja pansi pa madzi oundana, ndipo zonsezi n'zochititsa chidwi popanda kutchedwa mapulaneti.

Pofooka penipeni pa lamulo la ku Prague, m'kuona kwanga, ndi pa mfundo yoyamba, imene anthu sailabadira. Imanena za dzuwa lathu lokha. Komatu mu 1995 Michel Mayor ndi Didier Queloz anali atapeza kale pulaneti yozungulira nyenyezi ina, 51 Pegasi, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2019. Lero oterewa odziwika apitirira 5,000. Ambiri mwa iwo sitiwaona n'komwe. Timangoona nyenyezi yawo ikuzimirira pang'ono iwo akamadutsa kutsogolo kwake, kapena ikugwedera chifukwa cha kukoka kwawo. Ndani angapite kukaona ngati ali obulungira, kapena ngati alambula njira? Kwa amenewa akatswiri amagwiritsa muyeso wina wa pamwamba: chinthu chikalemera kuposa ma Jupiter 13, mkati mwake mumayamba kuyaka mtundu wina wa hydrogen wotchedwa deuterium, ndipo chimenecho amachiika m'gulu lapakati pa pulaneti ndi nyenyezi. Mu Ogasiti 2024 bungwe lija linasonkhana ku Cape Town, koyamba kuchita msonkhano wake waukulu mu Africa, koma mfundo za 2006 zinatuluka mmene zinalowera. Mike Brown yemwe uja, pamodzi ndi Konstantin Batygin, ananena mu 2016 kuti mayendedwe a tinthu tina takutali akusonyeza kuti mwina kuli pulaneti yaikulu yobisika kuseri kwa lamba wa Kuiper, ndipo akuisakabe.

Kwa aphunzitsi a lero ndili ndi pempho limodzi. Mfundo zitatuzo aphunzitseni ana, pamodzi ndi zifukwa zake, koma musayambire pabolodi. Pluto siioneka ndi maso, ndipo Neptune nayo imafuna telesikopu, koma Mercury, Venus, Mars, Jupiter ndi Saturn zimaoneka popanda chida chilichonse, makamaka kumudzi kumene magetsi sanaphimbe thambo. Auzeni ana asankhe yowala yosaphethira, aijambule m'kope pamodzi ndi nyenyezi zitatu kapena zinayi zoyandikana nayo, alembe tsiku, adzabwerenso pakatha masabata awiri. Ikakhala Venus kapena Mars, kawirikawiri adzapeza itasuntha moonekeratu. Saturn n'njaulesi, imatha zaka zoposa 29 kuti izungulire dzuwa kamodzi, choncho imeneyo aipatse teremu yathunthu.